Kudzazanso zipolopolo kunyumba: momwe mungatsekere njira za mtovu

Munthu wodzazanso zipolopolo, ntchito imene eni ake amaitcha reloading, amasamala kwambiri ndi onga. Amayeza kawiri, amasuzumira m'chigoba chilichonse cha chipolopolo, amatseka chitini asanatsegule china. Koma munthu yemweyo akamatsuka zigoba amavundukula tumbler, makina otsukira zigobazo, m'galaja fumbi lili koboo, amasasa manja pa buluku, n'kulowa m'nyumba kukanyamula mwana. Tsiku lokayezetsa magazi amadabwa kuti mtovu wakwera bwanji pomwe mitu ya mtovu saigwira kawirikawiri.

Ambiri amasocherera pamenepa. Amaopa mutu wa chipolopolo poti ndiwo umaoneka ndi maso kuti ndi mtovu. Komatu kwa munthu amene sasungunula yekha mtovu, gwero lalikulu pa benchi ndi primer imene inaphulika kale, kachitsulo ka kumatako kwa chigoba koyatsira onga. Ma primer ambiri ali ndi mankhwala otchedwa lead styphnate, ndipo akaphulika amasiya mwaye wosalala ngati ufa m'kati mwa chigoba, m'kadzenje ka primer ndi kunja komwe. Mtovu wotere sulowa kwenikweni pakhungu lopanda bala. Njira zake ndi ziwiri basi: kuupuma, ndi kuumeza kuchokera m'manja. Zonse zili m'munsimu n'zotseka njira ziwirizi. Za kuyeza onga zili m'buku lanu la miyeso ya onga, lotchedwa load data, osati pano.

Ntchitoyi imachitika m'mayiko amene malamulo amalola, monga America, komanso South Africa kumene Firearms Control Act ya 2000 imalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake. Ngati inu simudzaza koma mumakolopa galaja kapena kuchapa zovala panyumba pamene abwana amadzaza, monga zimachitikira kwa ena ogwira ntchito za m'nyumba ku Johannesburg kapena Cape Town, magawo 8 mpaka 12 ndi anu.

Zofunika kukhala nazo

- Magolovesi otaya a nitrile, bokosi lathunthu. Ansalu ndi achikopa amasunga fumbi m'kati, ndiye tsiku lililonse mukawavala mumangoviika manja mu mtovu wa dzulo.
- Masiki ya labala yokhala ndi zosefera za P100, zimene ku Ulaya ndi ku South Africa zimalembedwa P3. Ikasowa, masiki yotaya ya FFP3. Ya kuchipatala ija kapena yansalu simata kumaso, fumbi limangodutsa m'mbali.
- Magalasi oteteza maso.
- Ovolo kapena epuloni, ndi nsapato zosatuluka m'chipinda chogwirira ntchito.
- Sopo wopangidwira kuchotsa zitsulo pakhungu, monga D-Lead kapena Hygenall, ndi burashi ya zikhadabo.
- Mapepala opukutira otaya, ndi botolo lofayira madzi a sopo.
- Ndowa ziwiri ndi chikolopa chimodzi, zolembedwa MTOVU ndi zilembo zazikulu.
- Vacuum ya HEPA yeniyeni, yomata thupi lonse. Sefa ya HEPA imagwira 99.97% ya tinthu ta ma micron 0.3, koma ikaikidwa m'makina odontha mphepo m'mbali palibe chimene yathandiza.
- Botolo la chivindikiro cholimba loikamo ma primer akale, ndi matumba apulasitiki ochindikala.
- Tumbler ya madzi ndi timisomali take tachitsulo chosachita dzimbiri. Ngati muli ndi youma, ikhale ya chivindikiro chopanda mabowo, ndi chosefera chotsekeka.
- Timitengo toyezera mtovu, timene timasanduka tapinki kapena tofiira tikaukhudza.

1. Sankhani malo, mudule malire

Malo abwino ndi galaja kapena kashedi kosiyana ndi nyumba, kokhoma. Pansi pakhale simenti yopaka penti, matailosi kapena vinyl. Kapeti ayi. Fumbi la mtovu likalowa mu kapeti silitulukanso lonse ngakhale mutatsuka bwanji, limangodzuka pang'onopang'ono munthu akapondapo. Benchi ikhale yosalala: matabwa osapaka amamwa fumbi m'ming'alu, choncho apakeni vanishi kapena yalanipo chitsulo kapena Formica.

Pakhomo matani tepi pansi. Uku ndi kwa mtovu, uko ndi kwa banja. Nsapato za ntchito siziwoloka tepiyo, ndipo chakudya, ana, amayi oyembekezera, agalu ndi amphaka sawolokera kuno.

Chenjezo: musaike benchi m'chipinda chimene muli makina ochapira, firiji yosungira nyama, kapena polowera mphepo ya makina oziziritsa nyumba. Galaja zambiri zili ndi zinthu zimenezi, ndipo fumbi la pa benchi limathera pa matewera ndi pa chivindikiro cha firiji.

Kuti muone kuchepa kwa fumbi limene tikunena: mu 2024 bungwe la EPA la ku America linaika mlingo wa fumbi la mtovu lotsala pansi m'nyumba yoyeretsedwa pa ma microgram 5 pa square foot imodzi. Grain imodzi, muyeso umene mumayezera onga tsiku ndi tsiku, ndi ma microgram 64,800. Grain imodzi yokha ya fumbi la mtovu itafalikira mofanana ingafikitse pa mlingo umenewo malo okwana masikweya mita 1,200. Simudzaliona ndi maso.

2. Valani musanagwire kanthu

Vulani wotchi ndi mphete, fumbi limabisala kunsi kwake. Foni isiyeni kunja, kapena iikeni m'kathumba kapulasitiki kotseka. Valani ovolo, nsapato, magalasi, kenako magolovesi.

Masiki si ya nthawi zonse. Ndi ya ntchito zafumbi: kukhuthula zigoba zochokera kowombera, kuchotsa ma primer ambiri, kusefa tumbler youma, kuwaula zoyandama pa mtovu wosungunuka, ndi kuyeretsa. Mukaivala, tsekani zosefera ndi zikhatho n'kukoka mpweya. Ikamatirira kumaso, ili bwino. Mukamva kamphepo m'mbali mwa mphuno, mangani zingwe bwinobwino muyesenso.

Chenjezo: ndevu zimaswa kamatidwe ka masiki. Ngakhale tindevu ta masiku awiri timatsegula njira.

3. Zigoba zochokera kowombera

Chigoba chotola pansi chimabwera ndi mtovu wake ndi wa anthu ena, makamaka ngati malo owomberawo ndi a m'nyumba, kumene utsi wa ma primer umakhazikika pansi. Tolani mutavala magolovesi, ikani m'chidebe chotseka, ndipo chidebecho chikwere ku buti, osati pa mpando. Musaike zigoba m'thumba la buluku kapena m'chipewa.

Mukafika, musazikhuthule zouma pa benchi. Thirani madzi a sopo m'chidebe momwemo mpaka zimire, vundulani pang'ono, tsanulirani madziwo mu ndowa ya MTOVU, n'kuziyanika pa nsanza yotaya. Kutsukuluza koyambaku kumatenga mphindi zisanu koma kumachotsa fumbi lakunja lisanauluke.

Chenjezo: posankha, yang'anani chipolopolo chamoyo chimene chasakanikira. Chisalowe mu tumbler kapena mu press, makina opanikizira a pa benchi, pochotsa ma primer.

4. Chotsani ma primer akale musanatsuke kwenikweni

Zigoba zikauma, chotsani ma primer ndi die (chida chomangirira pa press) yongochotsa primer basi, imene sifinya chigoba. Ubwino wake ndi uwu: gwero lalikulu la fumbi limachoka lisanalowe mu tumbler, kadzenje ka primer kamatsukika limodzi ndi chigoba, ndipo die yanu yofinyira sikumana ndi mchenga.

Press zambiri zili ndi kathireyi kotsegula kolandirira ma primer, ndipo theka amadumphira pansi. Ngati press yanu imatulutsira ma primer kunsi, lumikizani paipi yapulasitiki ikathere m'botolo lotseka, polowera pake pamatidwe ndi tepi. Ngati ndi ya kathireyi, yalani pepala lonyowa m'kathireyimo ndi lina pansi pa press. Mukamaliza pindani pepala ndi zonse zili momwemo.

Kufufuta kadzenje ka primer ndi kaburashi kumatulutsa ufa wakuda umene ndi mtovu weniweni. Chitirani pamwamba pa pepala lonyowa, kukamwa kwa kadzenjeko kutaloza pansi.

Chenjezo: musauzire chigoba ndi pakamwa, ndipo musapemerere press ndi kompresa. Ndi chizolowezi cha manja chimene munthu amachita osaganiza, koma chimakweza fumbi lonse kufika pa mphuno.

5. Kutsuka zigoba

Ngati pali chinthu chimodzi choti musinthe pa ntchito yonseyi, ndi ichi. Tumbler youma imagwedeza zigoba kwa maola m'zitsononkho zoperapera kapena m'makoko a walnut. Mwaye wa primer umachoka m'chigoba n'kukakhala m'zoperazo, ndipo nthawi iliyonse imene mwatsuka umawonjezekera. Zopera zimene zatsuka zigoba masauzande zimakhala zodetsedwa kuposa zigoba zimene mukuikamo.

Njira ya madzi. Pa tumbler yaikulu ya mgolo wozungulira, ikani timisomali tachitsulo tolemera makilogalamu 2 kapena kupitirira pang'ono, zigoba zosapitirira kulemera kumene opanga makinawo analemba, madzi omiza zonse, supuni yaikulu imodzi ya sopo wotsukira mbale ndi kota ya supuni yaing'ono ya citric acid. Izungulire ola limodzi ndi theka mpaka maola atatu. Mukachulutsa acid zigoba zimatuluka zapinki, chizindikiro choti zinki wayamba kuchoka mu mkuwa. Mankhwala opukutira zitsulo okhala ndi ammonia musawagwiritse ntchito ngakhale pang'ono, amafooketsa mkuwa mpaka kung'aluka.

Madzi amatuluka akuda bii, ndipo mtovu uja uli m'menemo. Valani magolovesi potsanula. Musatsanulire mu sinki ya kukhitchini, m'bafa losambiramo ana, m'dimba, pa kapinga, kapena pafupi ndi chitsime. Mtovu suwola. Mgodi wa ku Kabwe ku Zambia unatsekedwa mu 1994, koma dothi la m'makomo oyandikana nawo likudwalitsabe ana mpaka lero. Pakona pa mpanda pamene mukutsanulira mlungu uliwonse mukupanga kadothi ka mtundu womwewo.

Ena amasiya madziwo agone usiku kuti zakuda zikhazikike, n'kutaya apamwamba poti ayera. Kuyera kumeneko n'konyenga: citric acid amagwira mtovu wina n'kuusunga wosungunuka m'madzi. Njira yabwino ndi kuwasunga m'chigubu cholembedwa n'kukapereka kumalo olandirira zinyalala zoopsa, kapena kuwathira m'beseni lotambalala pamalo okhoma kuti aphwe, n'kupukuta matope otsalawo akadali anyontho. Mukawasiya aume gwa, mwabwezeretsa fumbi limene mumathawa.

Poyanika, uvuni wa kukhitchini ayi. Dzuwa, kapena makina oumitsira amene sadzagwiranso chakudya. Onetsetsani kuti palibe kamsomali kotsakamira m'kabowo kodutsira moto ka m'kadzenje ka primer ndiponso kuti m'kati mwauma kotheratu.

Njira youma, ngati mulibe kuchitira mwina. Tumbler izigwira ntchito panja kapena m'shedi, chivindikiro chili chotseka. Dulani pepala lopukutira tizidutswa tinayi kapena tisanu ta kukula ngati bokosi la machesi muponyemo. Timatuluka totuwa, ndipo kutuwako ndi fumbi limene likanauluka. Titayeni nthawi iliyonse. Polishi wopanda ammonia wodzaza kachivindikiro ka botolo amanyowetsa zoperazo pang'ono kuti zisafuke. Mukazimitsa, dikirani mphindi 10 musanavundukule. Sefani panja, mutavala masiki, mphepo ikuchokera kumbuyo kapena kumbali kwanu, ndipo chosefera chikhale chotsekeka. Kusefa ndi sefa yotsegula m'galaja ndi mphindi imene wodzaza zipolopolo amapuma mtovu wambiri kuposa ina iliyonse pa benchi.

Chenjezo: zopera zikada kapena zikayamba kufuka, zatha ntchito. Musazichape kuti muzigwiritsenso ntchito, musaziwotche, ndipo musazithire pa manyowa poganiza kuti ndi zitsononkho chabe.

6. Pa press

Zigoba zikayera, ntchito yotsala si yafumbi kwambiri. Vuto lake ndi dzanja lopita kukamwa. Osadya, osamwa, osasuta, osatafuna chingamu, osaluma zikhadabo, osanyambita chala potsegula buku. Ndudu ndi yoipitsitsa, chifukwa fumbi la m'zala limamatirira pa pepala lake kenako mumalipuma ndi utsi. Ndi iko komwe, moto ulibe malo pafupi ndi onga.

Mitu ya mtovu wosavala imadetsa zala msanga. Ngati poilowetsa mukuona timphete ta mtovu tikusendeka pakamwa pa chigoba, ndiye kuti simunakuze mokwanira kukamwako. Konzani die, ndipo timphete timeneto titoleni ndi pepala lonyowa tisanapondedwe.

Mukhoza kuchepetsa mtovu pogula. Mitu yambiri ya FMJ, yovala chikuto chachitsulo, ili ndi mtovu woonekera kumatako. Ya TMJ, yokutidwa ndi kopa, ndi yopakidwa polymer imautsekera mbali zonse, pomwe ya kopa yekhayekha monga Barnes TSX ilibe mtovu. Aliponso ma primer opanda mtovu.

Chenjezo: mukasintha mtundu wa mutu kapena wa primer, mphamvu ya m'kati mwa mfuti imasinthanso. Bwererani ku muyeso woyambira wa m'buku la opanga, musangopitiriza ndi wakale.

7. Kwa osungunula mtovu okha

Mtovu umasungunuka pa 327 °C, ndipo mitu imaumbika bwino pakati pa 370 ndi 400 °C. Pa kutentha kumeneku nthunzi ya mtovu ndi yochepa. Imayamba kuchuluka mukapitirira 480 °C, ndipo pa mbaula ya gasi kufika pamenepo n'kosavuta, choncho thermometer izikhala mumphika nthawi zonse. Kuyerekeza ndi maso sikugwira.

Sungunulirani panja pansi pa denga, kapena pansi pa chokokera utsi chotulutsira kunja. Fani izikoka mpweya kuuchotsa kwa inu, isamapemerere pa mphika. Mphika ukhale wamagetsi wopangidwira ntchitoyi kapena wachitsulo cholimba. Wa aluminiyamu umafooka ndi kutentha ndipo ukhoza kubooka mtovu uli momwemo. Apa pokha ndi pamene magolovesi achikopa ali ndi ntchito, kuteteza kupsa, ndipo azikhala pomwepo.

Fumbi lenileni lili mu zotuwa zimene zimayandama pamwamba, zotchedwa dross. Ziwauleni pang'onopang'ono mutavala masiki, muike m'chitini chachitsulo chouma, chikazizira mutseke. Osazimenyera pansi.

Chenjezo loyamba: dontho limodzi la madzi likalowa kunsi kwa mtovu wosungunuka limasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kumwaza mphika wonse. Zidutswa zatsopano ndi zida zotungira zitenthetseni kaye ziume. Ndowa yoziziritsira mitu ikhale patali, kumbuyo kwanu.

Chenjezo lachiwiri: musasungunule mtovu wa mabatire a galimoto. Zoyandama zake zikakumana ndi chinyontho zikhoza kutulutsa mpweya wa stibine ndi arsine, umene umapha ngakhale utachepa.

8. Yeretsani malo, motsatira ndondomeko iyi

Choyamba, onga wotayika ndi primer yamoyo imene yagwa. Izi zitoleni ndi dzanja ndi kansalu konyowa. Siziyenera kulowa mu vacuum, chifukwa muli mota yothetheka moto.

Chachiwiri, vacuum ya HEPA, pang'onopang'ono, kuyambira pa mashelefu, benchi, kenako pansi.

Chachitatu, kupukuta konyowa. Fayirani madzi a sopo pa pepala, osati pa fumbi, kuti mphamvu ya botolo isaliulutse. Pukutani kulowera mbali imodzi, pindani mbali yakuda ilowe m'kati, pukutaninso ndi mbali yoyera. Kupukuta mozungulira ndi nsanza imodzi n'kungosamutsa mtovu. Musaiwale mpini wa press, choyezera cha caliper, sikelo, switchi ya magetsi, wailesi ndi chogwirira chitseko mbali zonse ziwiri.

Chachinayi, kukolopa ndi ndowa ziwiri: ina ya madzi a sopo, ina yotsukuluzira chikolopa. Yambani kukona yakutali mukathere pakhomo.

Benchi ipukuteni nthawi iliyonse mukamaliza. Pansi, kamodzi pa mlungu ngati mukugwira ntchito kawirikawiri. Kamodzi pa miyezi ingapo pakani kamtengo koyezera pa chogwirira chitseko, pa chiwongolero cha galimoto ndi pansi kuseri kwa tepi ija. Kakafiira, malire anu akudontha. Kakapanda kufiira musadzitame nako, chifukwa timitengoti sitiona fumbi lochepa kwambiri.

Chenjezo: tsache ndi vacuum wamba n'zoletsedwa m'chipinda chimenechi. Tsache limadzutsa fumbi, vacuum wamba imaliyamwa kutsogolo n'kulilavula kumbuyo lili losalala kwambiri.

9. Kuvula ndi kusamba

Vulani ovolo moipindira kunja kulowe m'kati, osakutumula, muike m'thumba lake. Nsapato zitsale kuno kwa tepi. Magolovesi avuleni mowatembenuza, loyamba lilowe m'kati mwa lachiwiri. Masiki ichoke pomaliza. Ipukuteni kunja ndi pepala lonyowa, muisunge m'thumba lotseka. Masiki yopachika pa msomali pamwamba pa benchi imadzaza fumbi mbali imene imakhudza pakamwa.

Sambani m'manja mpaka m'zigongono ndi sopo wochotsa zitsulo, masekondi osachepera 30, burashi ilowe kunsi kwa zikhadabo. Tsukuluzani, mubwereze kachiwiri. Ofufuza a bungwe la NIOSH ku America anapeza kuti sopo wamba amasiya mtovu wina pakhungu, n'chifukwa chake anapanga timapepala tapadera topukutira. Ngati muli ndi sopo wamba yekha, sambani katatu ndi burashi. Kenako kumaso, ndevu, ndi kumina. Tsiku limene mwasefa tumbler youma kapena kusungunula, kasambeni thupi lonse ndi tsitsi musanakhale pa sofa kapena kugwira mwana.

Chenjezo: magolovesi salowa m'malo mwa kusamba. Povula, fumbi lina limagwera pa dzanja.

10. Kuchapa

Zovala za ntchitoyi zichapidwe pazokha. Zituluke m'thumba kulowa m'madzi, osazisasa. Pa makina, onjezerani kutsukuluza kamodzi, ndipo mukamaliza yendetsani makinawo opanda kanthu musanaikemo zovala za banja. Pochapa pamanja, beseni likhale lakelake, valani magolovesi, ndipo madziwo asapite pa ndiwo zamasamba. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asachape zovala zimenezi.

11. Zinyalala

Mapepala, magolovesi, zosefera za masiki, zopera za tumbler ndi thumba la vacuum ziikeni m'matumba awiri, lina m'kati mwa linzake, mumange, mulembe. Mizinda yambiri ya ku America ndi ina ya ku South Africa ili ndi malo kapena masiku olandirira zinyalala zoopsa za m'nyumba. Ma primer akale ndi zigoba zong'aluka amagula ogula zitsulo zakale. Thumba la vacuum lisinthireni panja mutavala masiki.

Chenjezo: botolo loikamo ma primer lisakhale la chakumwa chimene mwana amachidziwa.

12. Kayezetseni magazi

Ukhondo wanu simungauyeze ndi momwe mukumvera m'thupi. Mtovu umakwera mwakachetechete, ndipo zizindikiro zikabwera zimafanana ndi za matenda ena: kutopa, mutu, kupsa mtima msanga, kuiwala, kupweteka m'mimba, kudzimbidwa, kuphwanya m'mfundo. Pakapita nthawi umakweza BP, umawononga impso, umachepetsa mphamvu yobereka ya abambo, ndipo kwa amayi ukhoza kuchotsa pakati.

Uzani dokotala mosabisa kuti mumadzaza zipolopolo kapena mumayeretsa malo otere, mupemphe kuyezedwa blood lead level. Magazi atengedwe pa mtsempha. Kubaya pa chala kumanamiza ngati pachalapo pali fumbi. Yezetsani musanayambe ntchitoyi kuti mudziwe poyambira, kenako kamodzi pa chaka. Ngati mumasungunula kapena mumawombera m'nyumba kawirikawiri, miyezi 6 iliyonse.

Zotsatira zimalembedwa mu µg/dL, kutanthauza ma microgram a mtovu pa desilita imodzi ya magazi. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo limalangiza kufufuza gwero munthu akafika pa 5. Kuyambira 2021, bungwe la zaumoyo la CDC la ku America limagwiritsa ntchito 3.5 ngati mlingo wochenjezera kwa ana. Mukafika pa 5, bwererani ku magawo 4, 5 ndi 9 muone pamene pakudontha. Mukafika pa 10, imitsani kaye tumbler youma, kusungunula ndi kuwombera m'nyumba mpaka dokotala ayezenso. Mtovu wa m'magazi umatsika ndi theka pa mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono munthu akasiya kukumana nawo, koma umene walowa m'mafupa umakhala zaka makumi. Mwa munthu wamkulu, woposa 90% wa mtovu wa m'thupi umakhala m'mafupa ndi m'mano, ndipo pa nthawi ya pakati ndi yoyamwitsa umatuluka n'kufika kwa mwana.

Mtovu wa m'magazi anu ukapezeka wokwera, ayezedwenso onse a m'nyumba, kuyambira ana osakwana zaka 6. Mwana wamng'ono amayamwa mtovu umene wameza kuchulukitsa kanayi kapena kasanu kuposa wamkulu, ndipo ndiye amakwawa pansi pamene nsapato zanu zadutsa.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Kudalira mkaka. Pali chikhulupiriro chakale cha m'mafakitale choti kapu ya mkaka imatsuka mtovu. Sitsuka. Choona n'chakuti m'mimba mopanda kanthu, komanso thupi loperewera ayironi ndi kashiamu, zimayamwa mtovu wambiri. Ndiye idyani musanalowe m'chipinda, osati muli m'katimo, ndipo zakudya monga nyemba, masamba obiriwira ndi tinsomba todyera limodzi ndi minga zisasowe. Koma chakudya sichichotsa mtovu umene walowa kale.

Kupaka sanitizer. Imapha tizilombo, koma mtovu si kachilombo. Imangoufalitsa m'manja monse n'kuumira pomwepo.

Kuloza benchi chala pomwe gwero lili kowombera. Munthu wina amachita zonse bwino kunyumba koma magazi osatsika, chifukwa Loweruka lililonse amakhala maola atatu m'malo owombera a m'nyumba opanda mphepo yokwanira, amasesa zigoba ndi tsache, n'kudyera m'galimoto pobwerera. Khalani ndi timapepala tochotsa mtovu m'chikwama cha mfuti. Kutsuka mfuti nakonso kumatulutsa mtovu: tinsalu takuda tija tilowe m'thumba la zinyalala, ndipo ntchitoyo isachitikire pa tebulo lodyera.

Kudzitonthoza ndi nambala za fakitale. Malamulo a 1978 a OSHA, bungwe la ku America loona za chitetezo pa ntchito, amachotsa wantchito pamalo a mtovu magazi akafika pa 60 µg/dL, ndiye ena akaona 15 amati ali kutali. Nambala imeneyo ndi yakale, ndipo zovuta za BP ndi impso zimayamba pansi kwambiri pa iyo.

Kugula pa intaneti mankhwala oti amachotsa zitsulo m'thupi. Mankhwala enieni ochotsa mtovu amaperekedwa ndi dokotala kwa amene magazi akwera kwambiri, ndipo akamwedwa mwachisawawa amawononga impso ndi kuchotsa mchere wofunika m'thupi.

Kulola mwana kuthandiza kusankha zigoba. Ntchitoyi imaoneka yopepuka, ana amaikonda poti zigoba zimanyezimira ndi kulira ngati tindalama, koma ndi zigoba zosatsuka zimene zili ndi mwaye wambiri. Ngati mukufuna kumuphunzitsa, dikirani akule, ndipo ayambire pa zigoba zotsuka kale atavala magolovesi.

Kubwereka zida za kukhitchini. Sefa ya mpunga, thireyi yophikira makeke youmbira timitanda ta mtovu, supuni yowaulira dross, beseni lotsukira mbale: chilichonse chikawoloka tepi ija chisabwererenso. Chibooleni pa mpini kapena chipakeni penti yofiira, kuti mlendo wodzathandiza kuphika pa Khirisimasi asadzachitole pa shelefu ya m'galaja.